Akuti Sosten Tisamuyimbire

Lolemba, 4 Novembala

Ofu lero. Tsiku lonse ku Wigston, kunyumba yosungira zolemba zakale. Maso kuwawa ndi makina aja oonera nyuzipepala zakale pa filimu. Shabana wa pa desiki wandikolekeranso filimu, ine ndinaiika mozondoka.

Pepala langa la ku koleji liyenera kufika kwa aphunzitsi Disembala isanathe: momwe nyuzipepala za mu Leicester zinkalembera za anthu odzipha m'zaka za m'ma 1800. Mutu ndinasankha ndekha. Ndinkati nesi wa odwala maganizo, zaka zonsezi pa wodi, palibe chingandidzidzimutse. Ndinadzinamiza.

Lero nkhani ya mtsikana woluka masokosi, 1874. Dzina lonse, msewu, nambala ya nyumba. Momwe anachitira, mwatsatanetsatane, ngati akuphunzitsa munthu kuphika. Kenako mawu a mwini nyumba, kuti anali wamwano. Mayi ake sanawafunse kanthu. Pamwamba pa nkhaniyo mitengo ya nkhosa, pansi pake malonda a nsapato. Munthu analemba zimenezi n'kupita kwawo kukadya bwinobwino.

Ndatsimikiza: m'pepala langa njira zawo sindilembamo. Maina, chilembo choyamba basi. Anawavula kokwanira.

Basi yachedwa. Ambulera ndaiwala pa wodi. Mawa shifiti ya m'mawa.

Lachinayi, 7 Novembala

Sosten wamwalira. Mchimwene wake wa Joanna, mnzanga wa m'gulu la amayi kutchalitchi. Anamupeza Lachiwiri m'chipinda chake ku Hyson Green, ku Nottingham. Wadzipha.

Joanna wandiimbira ndili pa buleki. Mawu osalala, ngati akundiuza nthawi ya basi. Ndamufunsa ngati ali ndi munthu pambali, ngati wadya, ngati akuganiza zodzivulaza iye mwini. Mafunso a ku ntchito. Ena sanandibwerere m'kamwa.

Sosten uja wolumikiza masipika Lamlungu lililonse. Wodya mandasi anga n'kumadandaula kuti shuga ndaumira. Sankanditchula dzina, ankangoti anesi. Mu Seputembala anati mashifiti a ku keya, kosamalira okalamba, amudula, chipinda n'chozizira, koma anali kuseka.

Ndabwerezabwereza machezawo m'mutu mpaka ndapitirira siteji yanga.

Loweruka, 9 Novembala

Siwa kwa Joanna. Anthu odzaza mpaka pa masitepe, nsapato mulu pakhomo, mawindo thukuta. Nyimbo ayi. Maliro a Amalawi opanda nyimbo! Kumangomveka ketulo ndi mafoni. Amake Chipo a ku Chipata anandinong'oneza kuti, "Manje tizankala chabe ziii monga tili pa siteshoni?"

A Kingstone, mkulu wa mpingo, anatiitanira kukhitchini, ine ndi Joanna. Anati lamulo tikulidziwa: munthu wodzichotsera moyo mpingo sumuyimbira, amayi savala yunifomu, mlaliki saima. Kwathu n'chimodzimodzi, kuno sitingasinthe chifukwa cha ndege. Kenako anatsitsa mawu. Akuti ngati chilengezo cha pa gulu la WhatsApp chinena kuti anadwala kanthawi kochepa, iwo safunsa zambiri, zonse ziyenda.

Mlembi wa mpingo ndine. Chilengezo ndilembe ndine.

Aliyense m'nyumba muja akudziwa chimene chachitika. Aliyense. Ndiye bodzalo ndi la ndani? La Mulungu? Sawerenga gulu lathu Iye.

Ndinati ndiganize kaye. A Kingstone anati, "Mayi mlembi, si pepala la ku koleji ili." Joanna maso pa sinki.

Pobwerera ndinakumbukira kuti galimoto ndinaimika pa mzere wachikasu. Mwayi, palibe chikalata.

Lolemba, 11 Novembala

Ku Wigston kachiwiri. Ndimati ndikaiwale, ndakapeza zomwezo.

Kale kuno munthu akafa chonchi, amuna a m'dera ankakhala pansi n'kugamula chimene chamupha. Pafupifupi nkhani iliyonse chigamulo n'chimodzi: misala ya kanthawi. Sabata yatha ndinalemba m'mphepete mwa kope kuti ulesi, sankafufuza. Lero ndamvetsa. Akanena kuti anali ndi nzeru zake zonse, ankamuika usiku, popanda m'busa, popanda pemphero. Ndiye ankamutcha wamisala kuti aikidwe ngati munthu.

Wanzeru akanidwe manda abwino, wamisala alandiridwe. Ndipo m'busa ankadziwa kuti akunamizidwa, n'kumavomera. A Kingstone enieni, kungosiyana jekete.

Ndapeza mmodzi amene sanamuchitire chifundo chimenecho, wosoka nsapato. Nyuzi ikuti khamu linabwera kudzaonerera, ana kukwera pa mpanda. Mtolankhani anayamikira apolisi posunga bata. Za mkazi wa malemuyo mzere umodzi: analiponso.

Shabana anandiona ndikupukuta magalasi nthawi yaitali, anandibweretsera madzi. Sanafunse. Munthu wabwino.

Chilengezo ndalemba kuti Sosten watisiya mwadzidzidzi. Si bodza. Ndawatumizira a Kingstone kuti aone kaye. Ayankha kuti mwadzidzidzi mukhala mafunso, ndiikemo mawu oti kudwala.

Koma anadwaladi! Odwala anga a pa wodi n'chiyani ngati si odwala? Ndikalemba kudwala m'tanthauzo langa ndi zoona, m'tanthauzo lawo ndi malungo. Iwo akufuna malungowo. Mutu ukundipweteka.

Lachitatu, 13 Novembala

Zatha zokha. Ndikadali kusinthasintha mawu, wina waponya pa gulu chithunzi cha tsamba lina la nkhani za m'dera la ku Nottingham. Galimoto ya apolisi pakhomo. Dzina la msewu. Mnyamata wa ku Africa wogwira ntchito ya keya. Pansi pake anthu osamudziwa akukambirana momwe anachitira, wina akudandaula kuti msewu unatsekedwa, anachedwa kuntchito.

Woponyayo ndi mayi wa m'gulu lathu lomwe. Wawonjezera timanja topemphera.

Ndachifufuta monga adimini, koma anthu anali ataona kale. Ndamuimbira mayiyo. Akuti amangodziwitsa abale. Ndamuuza kuti abale ake a Sosten akudziwa kale, iye amadziwitsa ndani? Wandidula foni. Mwina ndinakweza mawu. Ayi, ndinakwezadi, pa kolido ya wodi, mpaka sisitala anasuzumira.

Zaka zoposa zana, kwasintha n'kuti nyuzi tsopano ili m'thumba la aliyense.

Ndachedwa ine. Ndikanalemba za malungozo Loweruka lomwe lija, mwina bwenzi yunifomu atasita kale. Kapena chithunzicho chikanabwerabe. Sindikudziwa. Joanna sakuyankha foni. Ndadutsa kwawo, makatani otseka, ndasiya buledi ndi mkaka pakhomo.

Lamlungu, 17 Novembala

Akulu agamula tikutuluka m'mapemphero. Thupi linyamuka Lachisanu kupita ku Ntcheu. Lachinayi kutsanzikana kunyumba yokonzera maliro. Opita apite monga anthu wamba. Yunifomu ayi, nyimbo ayi. Wophwanya akaonekera kwa akulu.

Maminitsi ndalemba ndine, ndi dzanja langali, zilembo zooneka bwino.

Masipika lero amangolira okha, palibe wodziwa waya wolowa pati. Ulaliki wonse kutswiii. Palibe anatchula chifukwa chake.

Ndinafunsa a Kingstone kuti lamuloli lalembedwa pati. Anati si zonse zolembedwa, ndipo tikayimbira mmodzi achinyamata aona ngati ndi njira yabwino. Ndinawauza kuti pa wodi sindinaonepo munthu amene anapulumuka chifukwa choopa kusayimbiridwa. Opulumuka ndi amene anapeza womuuza. Ndipo mnyamata amene wakhala kumbuyo uko lero, amene sakugona tulo, waphunzira kuti zimenezi muno sitinena. Anati ndikulankhula ngati mzungu.

Ngati mzungu! Azungu omwewa ndiwo ankaika anthu usiku. Ndaziwerenga ndi maso anga. Anazisiya kalekale, ife tazinyamula m'sutikesi.

Madzulo Joanna watsegula chitseko. Waonda. Akuti kumudzinso mpingo wakana kale, amalume ndi amene adzanene mawu kumanda. Mayi awo adzaonera za Lachinayi pa foni. Anati, "Asisi, ulaliki sindikuufuna. Nyimbo imodzi yokha, amayi amve kuti mwana wawo sanali galu kunja kuno."

Sindinalonjeze. Ndinati tiona. Mawu oipa kwambiri amenewa.

Lachiwiri, 19 Novembala

Tulo tochepa. Ndikayimba, ulembi watha, mwina andiimitsanso mgonero. Anthu anga m'dziko lino ndi omwewa. Ndikadwala, obwera ndi phala ndi omwewa. Ndikafa, osonkha za ndege ndi omwewa. Anthu amaona ngati mpingo ndi Lamlungu lokha.

Ndaimbira amayi angapo. Wina akuti amuna ake salola. Wina akuti ali pa shifiti, pomwe ndikudziwa kuti Lachinayi sagwira. Wina akuti mtima wake uli nafe. Mtima suyimba alito.

Amake Chipo okha akuti, "Ine nizabwela. Banichotse, nizapita kwa ba Zimbabwe, kuli na ngoma."

Yunifomu ndaichapa. Ndaipachika. Ndaibwezera m'kabati. Ndaitulutsanso.

Pepala la ku koleji silinasunthe. Aphunzitsi atumiza uthenga wofunsa ngati mutuwu sukundilemera. Ndayankha kuti zili bwino.

Lachinayi, 21 Novembala

Yunifomu sindinavale. Ndinavala bulauzi yoyera yokha mkati mwa jekete, ndipo jeketeyo sindinavule. Mantha. Ndilembe momwe zinalili.

Kachipinda kakang'ono, kapeti wofiirira, maluwa apulasitiki. Anthu ochepa kuposa a ku siwa. Mzungu wa pamalopo anatipatsa theka la ola, anafunsa mwaulemu ngati tili ndi nyimbo yoti aike pa makina, poti Amalawi amene anawathandizapo amayimba kwambiri. 

A Kingstone anabwera, akuti monga munthu wamba. Joanna anawapatsa foni, ndiye anagwira ndi iwo, kuilozetsa ku bokosi. Pa foni nkhope ya mayi ake a Sosten, duku lakuda, kumbuyo kwawo khoma la njerwa ndi amayi ena atakhala pansi. Ife chete. Iwo chete. Mphindi zikupita. Kenako mayi aja anafunsa ngati foni yazima, poti sakumva kanthu.

Pamenepo ndinayamba. Sindinaganize, ndikanaganiza sindikanayamba. Ija timayimba potulutsa maliro m'nyumba. Ndinaiyamba pamwamba kwambiri, mawu kuthetheka ngati a mwana wa sukulu. Mzere woyamba ndekha. Wachiwiri ndekha. Ndinkaona nsapato zanga. Amake Chipo analowa ndi mawu awo aakulu aja, kunditsitsa pomwe nyimbo imayenera kukhala. Kenako wina kumbuyo. Kenako mayi uja woponya chithunzi, akulira, ndipo ndinakwiya kuti akuyimba bwino kuposa ine. Ena anangotseka pakamwa mpaka kumapeto. Ndawaona, ndikuwadziwa.

Titamaliza, foni inali itaima, nkhope ya mayi aja itauma pa galasi. Netiweki. Itabwerera anati, "Pepani ana anga, inaduka pakati. Bwerezani."

Onse maso kwa a Kingstone. Iwo anayang'ana foni, anayang'ana bokosi. Kenako anaitembenuza foniyo kuilozetsa kwa ife, n'kuikweza m'mwamba kuti imve bwino. Sanayimbe. Mkono sanatsitse mpaka ndime yomaliza. Ku Ntcheu amayi aja anayamba kutitsatira, mawu awo akufika mochedwa pang'ono, ife patsogolo iwo pambuyo.

Joanna wagona kwanga, pa sofa, nsapato osavula. Wadya theka la mbale.

Uthenga wa a Kingstone walowa ndikutsuka makapu. Lamlungu tikatuluka ndikaonekere kwa akulu, ine ndi amake Chipo. Ndipo ndisaiwale kubweretsa buku la maminitsi, poti wina wolemba bwino palibe.

Ndibweretsa. Ndikalembamonso amene anagwira foni.