Madzi Abwerera Kudambo

Okondedwa alongo anga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko. Kuno ku Nsaru tili moyo, ndipo chifuwa cha amayi chatha.

Chitsime chija chinauma anthu atachuluka n'kugwetsa mitengo yofukizira fodya chatiseketsa. Amalume anali atamanga kale katundu kuti tisamukire ku Kasiya. Lachiwiri, ndikudutsa kudambo pa mikuyu munabzala pafupi ndi chitsimecho musanapite ija, ndinaponda matope, chilimwe chonchi. Ndinafukula ndi manja, madzi n'kutumphuka. Amalume atalawa anaseka, nati, "Masulani katunduyo, ana inu. Tipitirenjinso?"

Tapangana kuti nkhwangwa isafikenso kudamboko.

Chonde titumizireni ndowa, yakale ija inabooka. Mulungu akusungeni mpaka mudzamwe nokha madzi amenewa.

Ndine mlongo wanu,
Malita