Buku la ubatizo lawakweza amalume aang'ono

Aphungu,

Ndayatsa moto m'banja mwathu ndi manja angawa, pomwe ukwati wanga watsala milungu isanu yokha.

Ndine mtsikana wa zaka 29, ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho tinagwirizana kale kuti wodzandiperekeza kuguwa ndi amalume aakulu. Amalume ndili nawo awiri, alongo awo a mayi. Aakuluwo ndi telala, munthu wofatsa, woyankhula mapini ali kukamwa. Aang'ono anali dalaivala wa basi. Ntchito anapuma, koma mawu awo sanapume: akamanong'ona, a nyumba yachitatu amayankha.

Chimene chinandilowa sindikuchidziwa, koma ndinaganiza zodzapachika ndandanda wa makolo athu pakhoma la holo, kuti akuchimuna aone kuti sindinachite kumera ngati bowa. Ndinayamba ndi Baibulo la malemu agogo aamuna, limene mayi amasunga m'sutikesi pansi pa bedi pamodzi ndi makhadi athu akusikelo. Patsamba loyamba agogo analembapo ana awo, koma chaka china denga linadontha, inki n'kuyenderera. Mayina akuwerengeka movutikira, zaka zinapita ndi madzi. Pamwamba penipeni pali mzere wosawerengeka n'komwe, ndi kamtanda pambali pake. Ndikuganiza kuti agogo ankayesa cholembera.

Ndiye ndinapita ku parishi kumene onse anabatizidwira. Mlembi wake, bambo wa magalasi omanga ndi ulusi, anandikhazika m'kachipinda konunkha fumbi ndi makandulo, n'kunditsitsira mabuku atatu. Anati, "Musanyowetse chala ndi malovu potsegula, mabukuwa ndi aakulu kuposa mayi anu." Amalume aakulu ndinawapeza msanga: anabadwa ndi kubatizidwa mu 1952. Ndikubwerera m'mbuyo kufunafuna achibale ena, ndinangoona dzina la amalume aang'ono, ili apa! Chaka chake 1950. Dzina ndendende, bambo ndi mayi omwewo. Ndinajambula tsambalo ndi foni. Buku lachitatu sindinalikhudze, miyendo inali itayamba kale ulendo.

Chithunzicho ndinatumizira mng'ono wanga yekha, n'kumuuza kuti asauze munthu. Dzuwa lisanapendeke chinali chili pagulu la pafoni la banja lonse.

Lamlungu lake amalume aang'ono anafika kwathu atavala jekete, n'kukhala pampando wa khushoni umene amakhalapo aakulu. Aakuluwo atalowa, aang'ono anati, "Iwe mwana, waona akulu akhala, moni ali kuti?"

Aakulu anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Wadya chiyani lero iwe?"

"Zaka makumi asanu ndi awiri ndakhala ndikukunyamulira chikwama, kukutungira madzi osamba, kudya phiko iwe ukudya ntchafu. Undibwezere ntchafu zanga!"

Tonse tinaseka mpaka misozi. Titawafunsa mayi, amene ndi chitsirizira, anati, "Ine ndinawapeza onse ali ndi mano kale, ndifunseni zina." Koma kenako aang'ono anawonjezera kuti, "Ndipo mwanayu ndimuperekeza ndine. Buku lanena." Apa amalume aakulu sanaseke. Anamaliza tiyi wawo, n'kutsazika.

Aphungu, diresi langa laukwati akusoka ndi amalume aakulu omwewo. Dzana nditapita kukaliyesa, anandiyeza m'chiuno, kenako anati, "Diresi ndimaliza, mwanangu. Za kuperekezazo ukafunse buku lako." Awa ndi munthu amene ankasaina malipoti anga akusukulu, amene anandisokera yunifomu iliyonse imene ndinavala. Ine ndikufuna iwowo. Koma aang'ono agula kale nsapato zatsopano, ndipo madzulo alionse akumayeserera pakhonde kuyenda pang'onopang'ono, chinthu chimene sanachitepo moyo wawo wonse.

Wamkulu ndi ndani kwenikweni? Nanga ndichite bwanji kuti ndisataye mmodzi?

N.C., wa kuseri kwa msika

Okondedwa N.C.,

Phunziro loyamba mwaliphunzira nokha: mawu oti "usauze munthu" ndi amene amaveka nkhani nsapato. Lachiwiri ndi ili: munathawa m'kalasi belu lisanalire. Mlembi anakutsitsirani mabuku atatu, inu mwagamula mlandu ndi awiri.

Ndikufotokozereni mmene mabuku akalewa amapusitsira anthu. Buku la ubatizo silinama kawirikawiri, koma limanena zochepa kuposa zimene ife timamva. Lakuuzani kuti mu 1950 agogo anu anabatizitsa mwana wa dzina limenelo. Silinakuuzeni kuti mwanayo ndi yemwe lero wavala jekete. Kale ana ambiri ankamwalira ali makanda, ndipo makolo ena, akadzabereka mwana wina, ankamupatsa dzina lomwelo kuti lisazime m'nyumba. Ofufuza za makolo amapunthwa pamwala umenewu nthawi ndi nthawi: dzina limodzi, ana awiri, iwo n'kuwaumba kukhala munthu mmodzi.

Tsono taganiziraninso mzere uja wa m'Baibulo. Bambo amene akulemba ana ake m'buku lopatulika sayeserapo cholembera. Kamtanda pambali pa dzina nthawi zambiri kamatanthauza kuti mwanayo anatsogola. Baibulolo sindinalione, choncho sindilumbira, koma mtima wanga ukuloza kumeneko.

Bwererani ku parishi sabata ino. Mutsegule buku lachitatu lija, muyende tsamba ndi tsamba kuyambira 1953. Mukapezanso dzina lomwelo ndi makolo omwewo, mlandu watha: amalume anu a basi ndi achiwiriwo. Muonenso tsamba la 1950 ndi maso anu, osati pafoni, chifukwa m'mphepete mwa tsamba ndi momwe alembi ankaika timawu tofunika, ndipo ndi momwe ojambula mothamanga amadula. Mufunsenso ngati buku la maliro la zaka zimenezo lilipo. Mlembiyo mumulemekeze, musamufulumizitse. Anthu otere amadziwa buku limene lili kuseri kwa kabati.

Baibulolo mupite nalo pawindo masana, mulipendeketse pang'ono. Inki imatha kuchoka, koma pamene cholembera chinakanikiza pamatsala kanjira. Musalembe pamwamba pake, musapukute ndi kanthu. Zimene mwaona muzilembe m'kope lanu, ndi pomwe mwazipeza.

Ngati alipo munthu wachikulire amene anawaona akukula, mukacheze naye. Musamufunse kuti wamkulu ndani, chifukwa nkhaniyi yamufika kale ndipo wasankha mbali. Mufunseni kuti ndani ankabereka mnzake kumsana, ndani anayamba sukulu, ndani ankasiyira mnzake kabudula. Kabudula sanama. Zitupa zawo zokha musazikhulupirire kwambiri: anyamata a nthawi imeneyo ankakweza kapena kutsitsa zaka malinga ndi sukulu kapena ntchito imene akuifuna.

Koma za kuguwa musadikire mabuku. Pitani kwa amalume aakulu lero lomwe, osati kukayesa diresi, koma kukapepesa. Munthu wofatsa akanena chiganizo chimodzi ngati chija, ndiye kuti m'kati mwapweteka kwambiri. Muwauze mosazungulira kuti munawasankha chifukwa anakulerani, osati chifukwa cha chaka chimene anabadwa. Buku la ubatizo silinasainepo lipoti lanu, ndipo ngakhale litadzanena kuti iwo ndi aang'ono, dzanja limene mudzagwire ndinu wosankha.

Amalume a basi nawo musawachititse manyazi. Munthu amene wakhala wachiwiri moyo wake wonse, akapeza sabata imodzi ya ufumu, musamudabwe. Mukawauze nokha za chisankho chanu, pamaso, ntchafu ili m'mbale mwawo. Ndipo musapite chimanjamanja, muwatengere udindo woyenera mawu awo ndi nsapato zawo. Ayendetse ndiwo galimoto yokufikitsani kutchalitchi, ndipo kuholo akhale ndiwo woitana alendo ndi kuwerenga ndandanda wanu uja. Mudzapulumutsanso ndalama za chimkuzamawu.

Chenjezo langa ndi ili. Mukapeza kuti analikodi mwana wa 1950, chimenecho si chibonga chokagonjetsera amalume aang'ono, ndiponso si nkhani ya pagulu la pafoni. Mudzakhala mutapeza amalume anu achitatu, amene dzina lawo latchulidwa tsiku lililonse m'banja mwanu koma palibe amene ankatanthauza iwo. Mwina agogo anu anasunga chisoni chimenecho okha mpaka kumanda. Muwakhazike pamodzi mayi anu ndi alongo awo awiriwo, chitseko chotseka, muwaonetse tsambalo mwaulemu, ndipo muwapatse nthawi. Pandandanda wanu mwanayo mumulembe pamwamba, pamalo pake. Madoda awiriwa adzaona okha kuti akhala akulimbirana ukulu, chonsecho onse ndi ang'ono ake a munthu.

Ukwati wabwino, mwanangu.

Aphungu