Mvula Yoyenda Pansi

9 Julho 2023, Chiuaula, Lichinga

Chisanu cha chaka chino n'cha nkhanza. Chifunga mpaka pakhomo, mitengo ya paini kuseri kwa nyumba yosaoneka. Joaquina, mkazi wanga, m'mabulangete, kapulana, chitenje chake chija, kumutu, koma dzanja lamanzere lija lozizira ngati mwala. Chidwalireni sitiroko mu Fevereiro, mwendo amangoukoka. Kukazizira sufuna n'komwe. Makala akwera mtengo, reforma yanga, kapenshoni kaja, ili pomwepo.

Mónica, mwana wathu, waimba kuchokera ku Nampula. Akuti amake akapanda kuyenda okha pofika Natale, pa Khirisimasi, adzawatenga. Nyumba yake ya m'mwamba, kachipinda kapadera kamodzi, ine malo anga palibe. "Papá, inu mwakula, simungawathe." Ndinaseka pa foni. Nditadula sindinaseke. Chikwatiraneni sitinagonepo madenga osiyana, kupatula masiku a kuchikuta.

Dotolo akuti kofunda kungathandize, ndiponso kuponda pamchenga. Meponda, m'mbali mwa nyanja, ili pansi pompa. Ine, Nazário, moyo wonse kufesa paini m'nazale, kunyanja ndimangokumva.

3 Agosto, Meponda

Tatsika. Shapa, minibasi ya kuno, yodzaza, msewu wokhotakhota, makutu kutseka. Tinanyamuka titavala makazaku, majekete athu a chisanu, pofika pansi thukuta kamukamu. Pamsika kutiseka. Akuti wa ku Lichinga safunsidwa kwawo, kazaku amanena yekha. Ndinavula mwakachetechete.

Tafikira m'kanyumba ka mng'ono wake wa Mahamudo, mnzanga wa ku nazale. Kuseri kwake mtsinje, ngati ungatchedwe mtsinje. Mchenga woyera wotakata, timadzi toyenda pakati, kadziwe pansi pa mkuyu. Kumbuyo mapiri amene tatsika aja, aima njo ngati khoma. Ndinayang'ana mpaka khosi kuwawa. Kodi zaka zonsezi tinkagona pamwamba pa chinthu chimenechi osadziwa? Ndinachita mantha pang'ono, mantha okoma.

Joaquina wagona ndi kapulana yokha. Wagonadi, mpaka mkonono.

20 Agosto

M'mawa uliwonse kumtsinje. Mpando wa pulasitiki paphewa, Joaquina pamkono. Potsika gombe ndimamunyamula. Pamchenga amaponda pang'ono atanditsamira, kenako pampando, mapazi m'madzi. Amayi kuchapa, ana kusambira, masana mpira pamchenga pomwepo. Nkhwazi ikalira mumkuyu, onse osasamala, ine ndekha kukamwa yasa. Kwathu mwezi uno munthu umakhala m'nyumba ngati mbewa. Kuno moyo wonse uli pabwalo.

Oyandikana nawo ndi mayi Chausiku, oyanika usipa. Pakamwa pawo si pano. Dzulo: "Che Nazário, mukamawanyamula chonchi mwendowo uphunzira liti? Mwana wa kumsana sayenda." Akagwa ndidzamuuza chiyani Mónica? Komabe usipa amatigawira, ndiye ndawakhululukira.

14 Outubro

Kutentha kosaneneka. Mchenga wootcha mapazi dzuwa likangokwera, madzi a m'mtsuko ngati a pamoto. Sindidandaula. Zala za Joaquina zayamba kugwira, lero wadya mango yekha, madzi ake mpaka m'chigongono.

M'mawa ndinaona utsi pakati pa nyanja, mizati yakuda yofika kumitambo. Ndinathamanga kukauza anthu kuti bwato likupsa. Kuseka kwake! Akuti ndi nkhungu, touluka tating'onoting'ono totuluka m'madzi, ndipo tikafika kumtunda ndi ndiwo. Ndinabwerera kukamutenga Joaquina. Tinakhala pagombe kuyang'ana. Iye, ndi lilime lake lolemera lija: "Tikanafa osaona." Zoona.

Mónica waimbanso. "Akuyenda?" Pang'ono. "Okha?" Ndinayamba kukamba za nkhungu.

26 Novembro

Masana aliwonse mitambo yakuda pamwamba pa mapiri, mphezi kung'anima kutali. Kuno ngakhale dontho. Kwathu pano akudzala nyemba ndi mbatatesi, mtima ukundiyabwa.

Asodzi achotsa mabwato pomwe mtsinje umathira m'nyanja. Mayi Chausiku asamutsa thandala lawo la usipa. Andiuza mosabisa kuti kumapiri kukada, kumtsinje tisapite, madzi amabwera. Ndavomera ndi mutu. Mumtima ndati mvula ine ndimaidziwa, ndakula nayo. Imayamba ndi fungo, kamphepo, kenako mtambo pamutu pako. Mtambo uli uko, ife tili kuno. Ndipo Natale yayandikira, tsiku lililonse lopanda mchenga ndi lotayika.

8 Dezembro, Lachisanu

Ndilembe zonse.

Masana. Amuna ku msikiti, amayi m'makomo. Kumtsinje wopanda munthu. Ndinati bwino, mchenga wonse wathu. Pamutu pathu thambo loyera mbee. Kumapiri kwakuda bii, ndinaona ndithu, ndi maso angawa.

Joaquina ndinamukhazika pafupi ndi kadziwe. Anafuna mango a tsidya lija, otsekemera aja. Ndinawoloka, madzi a m'kakolo, ndinakwera gombe, ndinayamba kugenda.

Kenako phokoso, ngati lole yolemera ikutsika phiri. Mphepo yozizira, fungo la dothi la kwathu. Kumtunda kwa mudzi mayi wina anafuula, wina analandira, wina analandiranso, mawu kutsika ndi mtsinje: "Akubwera! Akubwera!" Ndimo amachenjezerana kuno. Ndinathamangira kugombe. Timadzi tija tinali tatupa kale, tofiira, tothamanga, ndipo pokhotera mtsinje kumtunda kunatulukira chinthu chimene ndilibe nacho mawu. Madzi oimirira. Patsogolo pake zinyalala, nthambi, thunthu lathunthu likugubuduka. Dzuwa likuwala pamwamba pake ngati palibe kanthu.

Ndinalowa. Anandigwetsa, ndinagwira muzu, ndinabwerera. Ine tsidya lino, Joaquina tsidya ilo, pampando, gombe kumbuyo kwake. Gombe lomwe ndakhala ndikumunyamula.

Ndinakuwa dzina lake. Sanandiyang'ane. Anadzuka. Anagwa. Anakwawa ndi chigongono, anafika pa mabango, anagwira ndi dzanja labwino, kenako ndi linalo, lakufa lija. Anaima. Phazi lamanja, kukoka lamanzere, phazi lamanja. Mpando unanyamuka kumbuyo kwake, unazungulira kamodzi, unapita. Madzi m'mawondo mwake. Anakwerabe. Mayi Chausiku akufika pothamanga anamupeza ali kale pamwamba, ataima, atagwira mkuyu.

Ndinakhala pansi m'matope ndi kulira ngati mwana. Madzi anaphwa dzuwa litapendeka, asodzi anandiwolotsa ndi chingwe. Kuno mvula sinagwe ngakhale pang'ono.

10 Dezembro

Mawondo ake onyuka, chigongono chotupa. Kwinako ali bwino. Ine tulo ayi. Ndikatseka maso, mpando ukuzungulira.

Ndaimbira Mónica. Ndamuuza zonse, osachotsera. Ndati bwera udzawatenge amako, unanena zoona, sindingawathe. Joaquina anamva. Chiyambire pamenepo sakundilankhula, chakudya akulandira kwa mayi Chausiku. Iwonso sananditonze, ndipo zimenezo zikuwawa kuposa kutonzedwa. Anangoti, "Mvula ya kwanu kuno imafika ndi miyendo."

Masana ndinapita ndekha kukauona mtsinje. Mudzi wonse uli pagombe ngati pa ukwati. Mtsinje wodzaza, wofiira, ukuyenda mwaulemu tsopano ngati si womwe uja. Pomwe ukuthira m'nyanja, mzere: uku kofiira, uku kobiriwira, osasakanikirana mpaka kutali. Akuti nsomba zikwera posachedwa, ndipo madzi akatsika, matopewa ndiwo dimba la chaka chonse. Chinthu chomwecho chimene chikanandiphera mkazi. Sindidziwa ngati ndiziuopa kapena kuugwadira.

M'zinyalala za pagombe, zipatso za paini. Kuno paini kulibe. Ndinatola chimodzi. Mtundu wake ndi womwe tinkafesa ku nazale, mwina mtengo wa m'manja mwanga. Ndachiika pafupi ndi mtsamiro wa Joaquina. Wachitenga, wachinunkhiza.

12 Dezembro

Mónica afika mawa pa shapa ya m'mawa. Ndalongedza zovala za amake, mankhwala pamwamba. Kazaku ndamusiya, ku Nampula n'kotentha.

Joaquina walankhula. Anayang'ana thumba, anayang'ana ine. "Bambo a Mónica, ku Nampulako mupita nokha." Ndinati ndinatsala pang'ono kukuphani. Iye: "Munatsala pang'ono kundipha ndi kundinyamula." Mawu onse omveka bwino, lilime losalemera n'komwe.

Kwacha bwino. Ndayamba ndayang'ana kumapiri, tsopano ndimo ndimadzukira. Koyera, mtambo palibe. Nkhwazi ili mumkuyu.

Ndikulemba pawindo. Chitseko chalira. Joaquina watuluka, ndodo ya nsungwi ya mayi Chausiku m'dzanja, chipatso cha paini chomangidwa pakona ya kapulana. Sanandiitane. Phazi lamanja, kukoka lamanzere. Wadutsa thandala la usipa. Pali muzu panjira paja, ndimaudziwa, akapanda kuuona

Wauwoloka.

Miyendo yanga ikufuna kuthamanga. Ndagwira thebulo ndi dzanja limodzi, linalo likulemba. Nazário, khala pansi. Wafika pa mkuyu, sakucheuka, wayamba kutsika gombe ndipo