Boti Linasiya Apongozi pa Doko

Kachulu, Zomba
14 Juni, 2024

Okondedwa achemwali a Elenala,

Kuno tadzuka bwino, mpunga wa ku Likangala tapuntha kale. Koma ine mtima suli m'malo, ndipo gwero lake ndi kasitima kanu kaja.

Chithunzi munatumiza chija ndachionetsa doko lonse. Ndiye mukuti kasitima ka magetsiko kamaima pakhomo penipeni pa yunivesite, zitseko n'kutseguka zokha, nthawi ikakwana n'kunyamuka ngakhale mutalowa anthu atatu? Nanga woyendetsayo akaona munthu akuthamanga ndi mabuku, mtima sumupweteka? Oitanira alipo? Nkhuku mumaika pati? Mukafunse mundiuze.

Ndiulule, ndinasirira. Ndinati boti langa la ku chilumba cha Chisi nalonso lizinyamuka seveni koloko, osadikira kuti lidzaze. Ndinalemba ndi choko pathabwa. Anzanga anaseka, amvekere, "Fanuelo wafika ku yunivesite osakwera ndege!"

Lachiwiri lapitalo seveni itakwana ndinaliza injini ndi anthu asanu. Sindinadziwe kuti mayi ake a Getrude, bwenzi langa lija, anali pompo chiyambire m'mamawa, pa ulendo wa ku maliro a achimwene awo ku Chisi. Mwambo mukuudziwa, apongozi sayandikira mkamwini, kumuitana ndiye ayi. Anakhala kuseri kwa mulu wa bango, kudikira kuti boti liyambe kudzaza, alowe pakati pa amayi anzawo osaonana nane maso. Nanga boti la anthu asanu akanabisala pati? Anangondiyang'ana ndikupita. Anakafika madzulo pa bwato lopalasa, maliro ataikidwa kale.

Tsopano mayiwo akuti, "Mkamwini wosacheuka angasunge mwana wa eni?" Chinkhoswe cha mwezi wamawa chaima. Amalume apitako kawiri, nkhuku yopepesera inabwerera ili yomanga miyendo. Amalumewo angondiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ndikuopa, achemwali. Getrude ndimamukonda, ndipo manyazi andigwira zedi.

Pempho langa ndi ili: mayiwo amakumverani, poti munkaimba nawo kwaya. Muwaimbire foni, muwauze kuti sichinali chipongwe, koma kutengeka ndi za eni. Thabwa lija ndachotsa. Masiku ano ndisanalize injini ndimayamba ndatuma munthu akasuzumire kuseri kwa bango.

Ndipo mukakwera mawa, mundifunsire woyendetsa sitimayo ngati ali ndi apongozi.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala juzi pasiteshonipo. Amalume nawonso akupereka moni. Getrude, amene salephera kuwonjezera mawu ake pansi pa kalata zanga, ndamusiyira mpata m'munsimu. Ndasunga kalatayi masiku atatu, sanabwere. Ndikuitumiza choncho.

Ndine mchimwene wanu,
Fanuelo