Chilandirireni bulangeti la kambuku, luso landithawa

Aphungu,

Pepani ngati kalatayi yatalika. Iyi ndi yachitatu, ziwiri zoyambazo ndinazing'amba chifukwa zinali ndi zofufuta. Sukulu ndinalekera sitandade 7 ndipo pakamwa sindine wolankhula, choncho ndaona kuti polemba ndifotokoza bwino.

Ndili ndi zaka 22. Ndimaluka madengu a milulu, udzu uja wa kudambo, m'gulu la amayi khumi ndi anayi kuno ku Iringa. Timalukira m'shedi kuseri kwa shopu ya a Lugenge, amene amatigulitsira madenguwo kwa alendo ndi kwa ogula a ku Dar es Salaam. M'gululi ndakhalamo zaka zinayi.

Kale dengu silinali la munthu mmodzi. Wina akayamba pansi pake n'kudzuka kukayamwitsa kapena kukatereka tiyi, amene ali pafupi ankangolitola n'kupitiriza. Likafika pamwamba tinkalipereka kwa mayi Semyinga, wamkulu wa tonsefe, chifukwa palibe wotseka mkombero ngati iwo.

Ine ndimakhala moyandikana ndi amake Tulizo. Iwo amaluka uku akukamba nkhani, uku akuimba, mwana ali kumsana, ndipo kuwerenga udzu sikuwayendera. Ine ndimawerenga chamumtima, tiwiri takuda, tisanu toyera, ndipo sindiphonya. Ankandiseka kuti, "Iwe mtsikana, ukadzakwatiwa uzidzawerenga mpunga m'mbale ya mwamuna wako."

Mu Epulo a Lugenge anabwera kuchokera ku maphunziro ena ake ali ndi nzeru yatsopano. Anatisonkhanitsa nati, "Amayi, kuyambira lero, mwezi uliwonse amene watulukira kalukidwe katsopano kokongola kuposa onse alandira mphoto, ndipo chithunzi chake ndichikhoma m'shopu." Kenako anatambasula bulangeti lalikulu lofewa, lokhala ndi chithunzi cha kambuku. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Amayi onse anaimba nthungululu.

Sabata yomweyo Tulizo analira kwambiri, amake anaika dengu pansi n'kutuluka naye. Nditalitola ndinaona kuti mzere wakuda wapendekera kumanja, chifukwa ankalumpha kaudzu kamodzi nthawi iliyonse akazungulira. Kumasula kukanatha m'mawa wonse, ndiye ndinaganiza zoubweza pang'onopang'ono kumanzere. Utafika pamalo pake ndinaona kuti sukuoneka moipa. Ndinaupititsanso kumanja, kenako kumanzere. Mayi Semyinga atalilandira anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Ili si dengu, ndi msewu wokhotakhota wa pa phiri la Kitonga. Tomato amene alowe umu achita chizungulire." Komabe anatseka mkombero ndi udzu wakuda wokhawokha, zomwe anali asanachitepo, ndipo dengulo linakongola zedi. Dzina la Kitonga linakhala pomwepo.

A Lugenge ataliona anafunsa kuti waluka ndani. Amake Tulizo anandiloza akuseka, "Ndi uyu, wandikhotetsera dengu langa, mumugwire!" Onse anaseka, a Lugenge anawomba m'manja, ine ndinayang'ana pansi. Ndinkafuna kunena kuti tinali atatu, koma mawu anakanirira pakhosi. Pakutha pa mwezi bulangeti linali langa. Chithunzi changa chili pamwamba pa kauntala, ndipo anandijambula nditatsinzina. Masiku ano ndimalowera khomo lakuseri.

Pambuyo pake a Lugenge anabweretsa timapepala tomangirira pa dengu lililonse. Pamalembedwa dzina la woluka, dzina limodzi basi, akuti kuti pasakhale mkangano pa mphoto. Chiyambire tsiku limenelo palibe amene amakhudza dengu la mnzake. Munthu akadzuka amaphimba lake ndi chitenje ngati mtanda wa mandasi. Amake Tulizo amapita nalo ngakhale kuchimbudzi. Tsiku lina mwana akulira ndinawapempha kuti ndiwagwirireko, anati, "Ayi a Kambuku, limodzi lakukwanirani. Mukufuna muzifunda awiri?" Ananena akuseka, koma dengu sanandipatse. A Kambuku ndilo dzina langa tsopano.

Mayi Semyinga akuyamba okha madengu awo, ngakhale zala zimawapweteka poluka pansi pothina paja. Ifenso tikutseka tokha mikombero, ndipo ina ikuoneka ngati pakamwa pa munthu wodwala dzino. Nyimbo zinatha. Tsiku lina mayi Semyinga anafunsa, "Kodi muno mwagwa maliro? Wamwalira ndani?" Amake Tulizo anayankha, "Tikuganiza, mayi, kuganiza kumafuna bata." Mayi Semyinga anati, "Zaka makumi anayi ndikuluka ine, sindinaganizepo." Chodabwitsa n'choti pa kuganiza konseku pafupifupi aliyense akuluka Kitonga yemweyo, wina wofiira, wina wobiriwira. Mu Meyi mphoto inali fulasiki. A Lugenge anazungulira mashelefu kawiri ataikumbatira, n'kusowa womupatsa.

Tsopano vuto langa ndi ili. Pa 28 mwezi uno kukubwera mayi wina wogula wa ku Dar es Salaam, amene anatenga madengu a Kitonga ambiri, ndipo akufuna kalukidwe kena katsopano. A Lugenge anamulonjeza kale. Akandiona amati, "Katswiri wathu, tikudikira." Aphungu, m'mutu mwanga mulibe kanthu. Ndikagwira udzu ndimaganiza za chithunzi chija ndi za pa 28, ndipo zomwe zimatuluka ndi mizere yowongoka ngati ya m'kope. Ndinayesa kulakwitsa dala, koma zala zanga zimakonza zokha ndisanaziuze. Ndamasula madengu asanu ndi limodzi.

Bulangetilo sindinafundepo. Lili m'pulasitiki yake pamwamba pa kabati, ine ndikugona ndi lakale lobooka. Amayi anga amati, "Kodi kambukuyo ukumuweta?" Iwo akuganiza kuti wina wandimanga manja chifukwa cha nsanje, akuti tipite kwa abusa akandipempherere. Ine sindikhulupirira kuti m'shedi muja muli amene angandichite zimenezo. Ndikuganiza kuti luso ndinalibe chiyambire, ndinangochita mwayi kamodzi, ndipo pa 28 aliyense adzadziwa.

Azakhali anga a ku Ilula akufuna munthu wowathandiza m'munda wa tomato. Kodi ndibweze bulangeti mwakachetechete n'kupita tsikulo lisanafike? Ntchito yolukayi ndimaikonda kwambiri, koma manyazi ndikuwaopa.

T.K., Iringa

Wokondedwa a Kambuku,

Pepa mwanangu, nanenso ndalephera kupirira, dzinali lakukhala. Koma azakhali ako uwauze afune wina. Tomato wa ku Ilula adzapsa popanda iwe.

Manja ako sanamangidwe, ndipo sunangochita mwayi. Werenganso kalata yako, poti ndiwe munthu wowerenga mosamala. Mzere unapendekeka. Wina akanadandaula n'kumasula, iwe unaonamo njira. Limenelo ndi luso ndithu, kungoti luso lako lili ngati la munthu wodziwa kuthira mchere, limafuna kuti wina ayambe watereka ndiwo. Amake Tulizo amasokoneza, iwe umapeza chokongola m'chisokonezocho, mayi Semyinga amatseka. Timapepala ta dzina limodzi tija titabwera, iwe unatsala ndi mchere m'manja, m'poto mulibe kanthu. Ndiye ukudabwa kuti sukukhuta?

A Lugenge si munthu woipa, amafuna kukulimbikitsani. Mphoto imathandiza pa zinthu zowerengeka, monga ukafuna madengu ambiri kapena kuti anthu azifika m'mawa. Koma chinthu chatsopano chimabadwa pamene munthu sakuopa kuwononga. Ukaika bulangeti kutsogolo, aliyense amatsata njira yomwe inafikitsa mnzake pa bulangetipo. N'chifukwa chake shedi yonse yasanduka Kitonga ndipo fulasiki ikusowa mwini. Nawenso kale unkayang'ana dengu, lero ukuyang'ana chithunzi chotsinzina ndi kalendala.

Yamba ndi amake Tulizo. Upite kunyumba kwawo, osati m'shedi, mandasi ali m'manja. Uwauze mawu omwe anakanirira pakhosi tsiku lija, kuti Kitonga anayamba ndi iwo. Nthabwala ya mabulangeti awiri ija ili ndi kaminga mkati. Anakuloza okha, n'zoona, koma ankayembekeza kuti nawe uwaloza, ndipo akudikirabe.

Mukamvana, mutenge mayi Semyinga, atatu mukaonane ndi a Lugenge nthawi yomwe m'shopu mulibe ogula. Ndikudziwa kuti mawu adzakaniranso. Tenga dengu la Kitonga uziloza ndi chala, apa anayamba awa, apa ndinabweza ine, apa anatseka awa. Zotsalazo uzilembe papepala, katatu ngati ukufuna, amake Tulizo awerenge, poti pakamwa pawo sipatopa.

Musapemphe zambiri. Kapepala kaja kaziloledwa kunyamula maina atatu. Tsiku limodzi pa sabata madengu azizungulira ngati kale, ndipo lomwe lawonongeka tsikulo pasakhale wokalipiridwa. Musawauze kuti athetse mphoto, munthu wamkulu sakonda kumva kuti nzeru yake yafa. Muwapemphe kuti kalukidwe katsopano kakatuluka, mphoto izikhala ya shedi yonse. Fulasiki ija ndi poyambira pabwino, tiyi wa m'fulasiki amamwa anthu ambiri. A Lugenge akufuna kalukidwe katsopano kuposa momwe akufunira timapepala, choncho ndikhulupirira adzamva.

Za pa 28 sindikulonjeza kanthu. Pempha amake Tulizo akuyambire madengu atatu kapena anayi akukamba nkhani zawo, iwe n'kuyang'ana kumbali, usawawerengere. Mwina limodzi lidzakuonetsa njira. Likapanda kutero, wogulayo sadzafa, ndipo amene analonjeza ndi a Lugenge, si iwe. Uwauze lero kuti sunapeze kanthu, asadzamvere tsiku lomwelo. Manyazi a mphindi zisanu m'shopu ndi opepuka kuposa kuthyola tomato zaka zisanu mtima uli ku milulu. Paja mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Koma samala pa zinthu ziwiri. Usakanene pagulu kuti amake Tulizo amalakwitsa, uzinena kuti amayamba, chifukwa munthu wa nthabwala naye ali ndi pomwe pamamupweteka. Ndipo usakapepese ngati wakuba. Sunabe kanthu, unangochedwa kulankhula.

Bulangeti usalibweze kwa a Lugenge, kumeneko n'kuwanyoza. Litsitse pa kabati, ulitulutse m'pulasitiki, upite nalo kushedi ukaliyale pa simenti yozizira pomwe amagona Tulizo. Koma usamufunditse mpaka m'makutu. Mwanayo akayamba kugona tulo tabwino tsiku lonse, amake adzayamba kuwerenga udzu molondola, ndiye nonse khumi ndi anayi mudzathera ku tomato.

Aphungu