Sabata Imene Ndinabisa Khadi

Lolemba, 9 Juni

Ndalama za mabelo oyamba zalowa. Chaka chatha amuna anga, bambo a Thoko, anakatapa zonse kuboma n'kubwera patatha masiku atatu ndi wailesi, nsapato zosongoka ndi nkhani zambirimbiri. Feteleza tinangomuonera kwa eni ake. Chaka chino ndakakamira: ndalama zikhale kubanki, tizigula ndi khadi.

Lero tagulira sopo, mchere ndi shuga pagolosale ya a Lucious pa Wimbe. Kulowetsa m'kamakina, kudina nambala, basi. Zija zoti "chenji palibe, tengani maswiti" zatha. Tikagula, uthenga wa kubanki umafika pafoni yanga poti yawo inafa. Loweruka tikagule feteleza asanakwere. Ndakondwa, koma mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri, 10 Juni

Alamu anabwera "kudzangotiona". Ndinati zonse zili m'khadi. Anamwa tiyi n'kutsanzika msanga.

Bambowa akuliyang'ana kwambiri khadili. Ndalikulunga m'kapepala ka shuga n'kulilowetsa pakati pa mulu wa fodya wosankha kale m'chigafa. Sindinawauze.

Lachinayi, 12 Juni

Pobwera ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi ndapeza mulu uja palibe. Bambowa adinda belo ndi jeke ya a Mphepo, anzawo a mowa aja, ndipo onse awiri anyamuka nalo pangolo. Ndiye kuti podinda alipeza khadi. Nambala akuidziwa.

Ndasesa pabwalo kawiri. Ndatsuka mbale zotsukatsuka kale. Foni ili m'manja, ndikudikira uthenga woti wina wagula mowa kuboma. Zii.

Sanabwere.

Lachisanu, 13 Juni, m'mawa

Foni ili duu. Kapena netiweki? Ndakwera pachulu, netiweki ilipo yodzadza. Ndakwiya moti ndathira mchere m'phala kawiri.

Madzulo

Afika cha m'ma 10 m'mawa, fumbi mpaka m'nsidze. Ndisanawapatse ndi moni womwe ndinayamba: za chaka chatha, za a Mphepo, za wailesi. Anandisiya ndimalize. Ati anagona pamzere kudepoti ya kalabu yathu ya alimi, kudikira sikelo. Kenako: "Khadi lanji, amake Thoko? Si muli nalo inu?"

Ndinaulula.

Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti ndalama si vuto, khadi likasowa timaimbira kubanki n'kulitseka. Vuto ndi belo. Kuokushoni akapeza ngakhale kachidutswa ka pulasitiki, belo lonse limabwezedwa, dzina la kalabu n'kuipa. Ine ndaikamo khadi ndi pepala la shuga lomwe, mufodya wathu wabwino kuposa yense.

Tinathamanga panjinga. Lole inali itayamba kupakira. Mlembi wa kalabu, a Maliya, anandifunsa, "Mwaiwalamo chiyani, mwana?" Anthu kuseka. Bambowa anayankha kuti anagwetsamo khadi iwowo podinda. Iwowo. Ine ndili pomwepo, maso pansi.

Tinamasula ulusi, kufukula fodya dzanja ndi dzanja. Khadi linali pakatikati m'kapepala kake, lapindika pang'ono, likununkha fodya. Kusokanso belo kunatitengera mpaka dzuwa kupendeka, ndipo lapita ndi loleyo. Manyazi andigwira mpaka pano.

Loweruka, 14 Juni

Kuboma. Kusitolo ya feteleza ndinali ndi mantha kuti lopindikalo likana. Lalola. Matumba anayi, foni n'kulira m'chitenje nthawi yomweyo.

Panja a Mphepo anakuwa kutsidya kwa msewu, akuloza komwera mowa. Bambowa anangokweza dzanja n'kupitiriza kumanga matumba pangolo. Atamaliza anatulutsa khadi n'kunditambasulira.

"Kabiseni. Koma ulendo uno mundiuze, ndisakalidindenso."

Ndinaliyang'ana. Ndinawayang'ana iwo, zala zili zakuda ndi utomoni wa fodya wa chaka chonse.

"Sungani ndinu," ndinatero.

Analiika m'thumba la malaya n'kumanga batani. Mpaka kufika kunyumba foni sindinaiyang'ane.