Chakudya Chikuima Pachifuwa

Lolemba, 3 Malichi
Masabata atatu chichitireni opaleshoni. Chilungulira chatha ndithu, sindikugonanso chokhala. Koma chakudya sichikutsika. Kabuledi konyika mu tiyi kanaima pachifuwa ngati mwala. Malovu, misozi, kuthamangira kubafa. Adokotala anati anamanga pakhomo pa chifu kuti asidi asamakwere, kutupa kukaphwa ziyenda. Pakadali pano phala lamadzimadzi basi.

Lachisanu, 7 Malichi
Mng'ono wanga wabwera kudzatiphikira. Ndinamuitana ndekha, ndisaiwale zimenezo. Lero nkhuku yokazinga, fungo nyumba yonse. Amuna anga anawonjezera kawiri. "Mlamu, dzanja lakoli ndi lina." Zaka khumi ndi zinayi ndikuwaphikira, mawu amenewo sindinawamvepo. Ine pomwepo ndi kasupuni kanga ka tiyi.

Lachitatu, 12 Malichi
Kuchipatala. Ndinakumana ndi mayi uja tinagona mabedi oyandikana, opaleshoni yomweyi, tsiku lomwelo. Masaya ake see. "Ine ndiye ndikumeza chilichonse, ndi nyama yomwe." Ndinati ndakondwa. Bodza. Ine makilo asanu ndi awiri apita, siketi ndikuigwira ndi pini.

Lachinayi, 20 Malichi
Asiya kudyera patebulo. Tsopano n'kukhitchini, chitseko chotseka. Ndikumva masupuni, ndikumva kuseka. Ndikalowa, zii. Mng'ono wangayo wavala epuloni yanga. Akudziwa kale kuti alamu ake amathira masupuni angati a shuga. Ndinanunkhiza malaya awo ndisanachape. Anyezi yekha. Manyazi, mayi wamkulu ngati ine.

Loweruka, 29 Malichi
Dzulo ndinatsegula chitseko chija, n'kutola nyama m'mbale ya amuna anga, n'kumeza iwo akuona. Inakakamira. Ululu mpaka kumsana, ndinagwada pansi. Anandigwira mutu ndi mng'ono wangayo, kundisisita mpaka inatuluka. Mawu anga oyamba: "Dikira kaye ndife, udzawatenge bwino."
Anangokolopa pansi. M'mawa uno chikwama kumutu, wapita osamwa tiyi.
Amuna anga: "Wotseka chitseko ndinali ine, kuti fungo lisamakuzunze." Mwina. Nanga kuseka kuja?

Lachiwiri, 8 Epulo
Kuchipatala andilowetsa kachubu kummero n'kufutukula pamene panathina. Kummero kukuwawa. Masiku onsewa phala akuphika okha amuna anga, lamibulu, lopserera. Iwo akudya buledi ataima. Mng'ono wanga sitikumutchula.

Lachisanu, 11 Epulo
Dzira. Lathunthu, lophika mofewa, pang'onopang'ono, madzi pambali. Latsika! Ndinadikira ululu, osabwera. Ndinalira. Munthu woyamba kumuganiza ndi mng'ono wangayo, amene ankandisefera phala kawiri. Ndinamuimbira foni katatu. Sanayankhe.
Posakhalitsa foni ya amuna anga inalira pakhonde. Iyeyo. Ndinamva akuti, "Wameza, mlamu, dzira lonse." Ndiye kuti amaimbirana. Kuyambira liti? Tsiku lililonse? Akufunsa za ine, ndikudziwa, koma akufunsa kwa iwo. Akusekanso.
Akubwera nayo foni kuno, akuti ndilankhule naye. Ndiyambe ndi pepa, kapena ndimufunse kaye kuti...